Wodzigwetsa ndi refa: zimene ndikupeza m'Lamulo 12 ndi Lamulo 5

Malamulo a mpira alipo 17 okha, koma masiku ano ndakhazikika pa awiri: Lamulo 12, lonena za zolakwa za osewera, ndi Lamulo 5, lonena za mphamvu za refa. Ndikuphunzira zoyimbira mpira kuno ku Chipata, ndipo ndikuona kuti phokoso lambiri limene timachita ku David Kaunda Stadium, kapena pa mabwalo afumbi a ku Kapata ndi ku Mchini, gwero lake ndi malamulo awiriwa, ngakhale ambiri okuwa sanawawerengepo.

Za kudzigwetsa, bungwe la IFAB, limene limalemba malamulowa, silinachulutse mawu. Wosewera amene wayesa kunamiza refa, kaya podzigwetsa ngati wachitidwa faulo kaya ponamizira kuvulala, apatsidwe khadi lachikasu. Mpira uyambirenso ndi friikiki ya timu inayo, ija yosaloledwa kumenyedwa molunjika m'golo. Chilango chathera pomwepo. Tsono taonani zimene munthu amapeza bodza lake likagwira: penate, ndipo mwina mdani kutulutsidwa ndi khadi lofiira. M'maligi akuluakulu, pa mapenate anayi pafupifupi atatu amalowa. Wosewera wochenjera masamu amenewa amawadziwa bwino. Akagwidwa wataya zochepa, akapanda kugwidwa wapha masewero onse.

Rivaldo anazionetsa poyera pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2002, Brazil ikusewera ndi Turkey. Iye anaima pakona, Hakan Ünsal n'kumumenyera mpira mwaukali. Mpira unam'gunda mwendo, koma Rivaldo anagwa atagwira kumaso. Ünsal anapatsidwa khadi lachiwiri lachikasu n'kutuluka. FIFA itaona kanema inalipiritsa Rivaldo ndalama, osamuletsa ngakhale masewero amodzi. Anapitiriza kusewera mpaka Brazil inanyamula chikho. Chindapusa kwa munthu wolemera chotere n'chiyani?

Wina angathamangire kunena kuti khadi lake likhale lofiira basi. Koma mpikisano womwewo wa 2002 uli ndi nkhani ina yoletsa kufulumira kotere. Italy ikusewera ndi South Korea, Francesco Totti anagwa m'bokosi pa nthawi yowonjezera. Refa wa ku Ecuador, Byron Moreno, anati wadzigwetsa, nam'patsa khadi lachiwiri lachikasu. Ambiri amene anaonanso kanemayo anati wotchinga kumbuyo anam'khudza ndithu. Italy inatsala ndi osewera 10 ndipo inatuluka mumpikisano. Mwezi umodzi, chikho chimodzi: wonamiza anapulumuka, ndipo amene mwina sananame analangidwa.

Aphunzitsi athu amabwereza mfundo imodzi mpaka kutopetsa, kuti wosewera akagwa, mayankho si awiri ayi. Pali faulo, pali kudzigwetsa, ndiye pali kugwa chabe, kumene sikufuna wezulo kapena khadi. Ochemerera amadziwa awiri oyambawo, nchifukwa chake refa akakweza manja kuti mpira upitirire, mbali zonse ziwiri zimamutukwana. Koma mpira ndi masewera okhudzana matupi. Munthu akuthamanga mwaliwiro, phewa laling'ono limam'taya. Kuno kwathu ndiye zimanyanya. Bwalo la zigwembe, nsapato zothera mano, fumbi la mu Okutobala lotsekereza maso, matope a mu Januwale. Mnyamata akhoza kupunthwa pa chitsinde cha udzu popanda womukhudza. Kum'patsa khadi la kunamiza ndiye kumutchula wabodza pamaso pa abale ake, ndipo refa ayenera kukhala wotsimikiza asanapise m'thumba.

Zizindikiro zotithandiza zilipo. Wodzigwetsa kawirikawiri amachedwa pang'ono: amakhudzidwa, amaponda kamodzi kapena kawiri, kenako amakumbukira kugwa. Ena amasiya mwendo m'mbuyo dala kuti ukole mwendo wa mnzake kapena manja a goloboyi. Ena amagwira malo amene sanagundidwe. Wogwa zenizeni thupi lake limadziteteza lokha, manja amathamangira pansi, pamene wonamizira amatambasula manja m'mwamba, maso ali kale kwa refa. Koma zonsezi zimaoneka ngati waima pabwino. Ukakhala kumbuyo kwenikweni kwa osewera awiriwo, suona ngati pakati pa miyendo yawo pali mpata. Uyenera kuthamangira cham'mbali. Ndazindikira kuti theka la kuweruza nkhani imeneyi lili m'mapapo ndi m'miyendo ya refa.

Popeza maso a munthu mmodzi sakwanira, maiko ena anayamba kulanga masewero atatha. Ku England, kuyambira nyengo ya 2017/18, wosewera wonamiza refa mpaka kupezetsa penate kapena kutulutsitsa mdani ankatha kuletsedwa masewero awiri. Kanema ankaonedwa ndi anthu atatu, amene anakhalapo refa, amene anakhalapo kochi, ndi amene anakhalapo wosewera, ndipo onse ankayenera kugwirizana. Woyamba kulangidwa motere mu Premier League anali Oumar Niasse wa ku Senegal, akusewerera Everton, mu Novembala 2017. Komatu penate imene anapezetsa pa Crystal Palace inalowa, iye mwini anagoletsanso china, ndipo masewero anatha 2-2. Crystal Palace sinabwezeredwe kanthu. Amene anapindula ndi matimu awiri otsatira, amene anakumana ndi Everton yopanda Niasse. Ndipo kanema naye samaliza mkangano nthawi zonse. Mu 2009 UEFA, bungwe la mpira ku Ulaya, inaletsa Eduardo wa Arsenal masewero awiri chifukwa cha penate ya pa Celtic, koma atachita apilo chilangocho chinachotsedwa poti umboni wa chinyengo sunakwane.

VAR, njira yothandiza refa poonanso kanema masewero ali mkati, inalowa m'malamulo mu 2018, itapatsidwa zinthu zinayi zoti iziyang'ana: chigoli, penate, khadi lofiira lachindunji, ndi kulanga wosewera wolakwika. Pa Chikho cha Dziko Lonse ku Russia chaka chomwecho, refa Björn Kuipers anapereka penate Neymar atagwa pa masewero a Brazil ndi Costa Rica, anapita kukaona kanema, n'kuifafaniza. Sanam'patse khadi pa kugwako. Ena anadandaula, koma ine ndikuona yankho lachitatu lija: panali kukhudzana kochepa, kosakwana faulo.

Tsopano Lamulo 5, limene limapsetsa mtima anthu. Limati chigamulo cha refa pa zochitika m'bwalo n'chomaliza, kuphatikizapo ngati chigoli chalowa ndi zotsatira za masewero. Mpira ukayambiranso, sangasinthe zimene wagamula. Poyamba zimamveka ngati refa ndi mfumu yopanda nduna. Koma tangoganizani ligi imene masewero alionse angabwerezedwe chifukwa timu yoluza sinakhutire ndi penate. Singathe nyengo. Lamuloli limateteza chigamulo, osati munthu wogamulayo. Refa amalemba lipoti, ndipo m'maligi okhazikika pamakhala womuyang'anira amene amam'patsa malikisi. Malikisi akatsika amachotsedwa pa masewero akuluakulu, ena amatsitsidwa gulu. Vuto n'loti zambiri mwa izi zimachitikira kuseri. Wosewera khadi lake limaonedwa ndi bwalo lonse, pamene refa amangosowa milungu ingapo popanda wotiuza chifukwa. Anthu akapanda kuona chilango amaganiza kuti kulibe, ndipo ena amayamba kutola miyala.

Nkhani ziwiri za kuno ku Africa zandithandiza kusiyanitsa zinthu zimene timaziphatikiza tikakwiya. Pa 12 Novembala 2016, Joseph Lamptey wa ku Ghana anayimbira South Africa ndi Senegal ku Polokwane, pa masewero olimbirana malo ku Chikho cha Dziko Lonse cha ku Russia. Anapereka penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wagwira mpira, pamene mpira unagunda m'miyendo. South Africa inapambana 2-1. FIFA inafufuza, kuphatikizapo mmene ndalama za obetcha zinayendera, n'kupeza kuti sikunali kulakwitsa wamba koma kusokoneza masewero mwadala. Lamptey analetsedwa moyo wake wonse, khoti la zamasewera la CAS linavomereza, ndipo masewero anabwerezedwa mu Novembala 2017. Senegal inapambana 2-0 n'kupita ku Russia. Apa Lamulo 5 silinamuteteze, poti chinyengo si chigamulo.

Inayo ndi ya a Janny Sikazwe athu. Awa anayimbira fainolo ya Club World Cup mu 2016, fainolo ya AFCON mu 2017, ndipo mu 2018 anakhala Mzambia woyamba kuyimbira pa Chikho cha Dziko Lonse. Koma pa 12 Januwale 2022 ku Limbe, m'dziko la Cameroon, anathetsa masewero a AFCON a Tunisia ndi Mali pa mphindi 85, anawayambitsanso, n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Dziko lonse linaseka. Pambuyo pake zinamveka kuti kutentha kunawadwalitsa mpaka anapita nawo kuchipatala. Dandaulo la Tunisia linakanidwa, chigoli chimodzi cha Mali chinakhala, ndipo a Sikazwe anakayimbiranso pa Chikho cha Dziko Lonse ku Qatar chaka chomwecho. Kulakwitsa kunalipo, palibe wokana. Koma ine funso langa silipita kwa iwo okha. Masewero anaikidwa masana m'dera lotentha ndi lachinyontho, ndipo panali anzawo ena okhala ndi mawotchi, m'mbali mwa bwalo ndi m'chipinda cha VAR. Kufunsa refa mlandu kuyenera kufika ndi kwa omuthandiza ndi kwa okonza mpikisano. Kuika a Sikazwe ndi Lamptey m'thumba limodzi, monga amachitira ena pa Facebook, n'kusafuna kuganiza.

Chimene ndikuona chothandiza kwambiri ndi kufotokoza poyera. Chigoli chabwinobwino cha Luis Díaz wa Liverpool chitakanidwa pa Tottenham mu Seputembala 2023, akuluakulu a marefa ku England anatulutsa mawu onse amene anakambidwa m'chipinda cha VAR. Aliyense anadzimvera yekha kuti oyang'ana kanema ankaganiza kuti refa wavomereza chigoli, pamene anali atachikana. Oyang'ana kanemawo anachotsedwa pa masewero otsatira. Mapointi sanabwerere, koma anthu anadziwa pamene zinasokonekera, ndipo kalankhulidwe ka m'chipindamo kanakonzedwa.

Kuno ku Chipata, Katete kapena Lundazi, pa ligi ya m'makomboni palibe VAR, ndipo nthawi zina ngakhale oyimbira m'mbali amachita kutengedwa pagulu la oonerera. Komabe zina sizifuna makina. Mafoni ojambula adzaza m'mphepete mwa bwalo. Komiti ya ligi ikhoza kulandira kanema woonekera bwino, anthu atatu osakhala a matimu awiriwo n'kumuona, ndipo ngati onse agwirizana, wonamizayo akhale panja masewero awiri. Ngati mmodzi akukayika, nkhani ithe. Lipoti la refa lilembedwe tsiku lomwelo, ndipo refa akapumitsidwa chifukwa chosadziwa lamulo, zilengezedwe pamodzi ndi zilango za osewera. Koma choyamba kukonza ndi malipiro. Pamene refa amalandira ndalama yake ndi ya basi kuchokera m'manja mwa akuluakulu a timu yapakhomo masewero atatha, n'kovuta kuti pa mphindi 88 aonetse khadi la kudzigwetsa kwa wosewera wa timu yomweyo. Ndalamayo izidzera ku komiti ya ligi, ndipo izilipiridwa masewero asanayambe.