Lachitatu, tsiku la msika ku Garissa

M'mawa wa lero palibe ntchito yolozeka imene yagwirika. Lachitatu kuno ku Garissa, tauni ya kumpoto chakum'mawa kwa Kenya, ndi tsiku la msika waukulu wa ziweto, ndipo alimi amene tinapangana nawo zokaona pampu yawo yothirira anatiuziratu dzulo kuti tisawasake mbuzi zawo zisanagulidwe. Ndiye nditamwa tiyi wa mkaka wa ngamila ndi canjeero, mkate wopyapyala wowawasira umene anthu kuno amadya m'mawa, ndinakwera tukutuku n'kumangolondola kumene kukufuka fumbi.

Msika wake ndi wosayamba. Ng'ombe zotuwa za linunda zili mbali yawo, mbuzi ndi nkhosa za mitu yakuda mbali ina, ngamila zili patali pang'ono, zikuyang'ana anthu ngati kuti zogulitsidwazo si izo. Malole andanda kudikira kupakira za ku Nairobi ndi Mombasa. Wogula ndi wogulitsa sakambirana okha kawirikawiri. Pamakhala mkhalapakati amene amathamanga uku ndi uku, kukalipira uyu, kunyengerera uyo, mpaka manja agwirane. Ndalama zake simuziona, zimangolira pa foni. Ng'ombe zambiri mwa izi zayenda pansi milungu kuchokera kum'mwera kwa Somalia, cha ku Afmadow. Boma la Siad Barre ku Somalia litagwa mu 1991, misika ya ku Kismayo ndi Mogadishu inasokonekera, ndipo amalonda anatembenuzira ziweto zawo kuno. Nthawi yomweyo ndi imene misasa ya anthu othawa kwawo ya Dadaab inatsegulidwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pano, ndipo mabungwe, magalimoto ndi ndalama zonse zopita kumeneko zimadutsa m'tauni muno. Kunena mosapsatira, nyumba zosanja zimene zili mu Kismayu Road zinamera pa tsoka la dziko loyandikana nalo.

Cha m'ma 10 koloko dzuwa linali litayamba kale kuwotcha m'mapazi kudzera mu nsapato. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa nimu pamene mayi wina amagulitsa tiyi, ndipo ndinapezapo bambo awo a eni nyumba imene ndikukhala. Ndi gogo wa ndevu zofiira ndi hina, amavala nsalu ya m'chiuno ndi kofia, ndipo Chiswahili chawo n'chothyokathyoka ngati changa chomwe, choncho timamvana bwino. Amanditchula kuti adeer, monga mmene bambo wamng'ono ndi mwana wa mbale wake amaitanirana kuno, inenso ndimawayankha chimodzimodzi.

"Adeer, masana ano uwoloka mlatho?"

"Eya adeer, tikukaona pampu cha ku Madogo."

"Ukapereke moni ku Kenya."

Anthu a pa benchi anaseka, koma gogoyo sanaseke kwenikweni. Garissa ali m'Kenya, malire a Somalia ali kutali ndithu, makilomita pafupifupi 200 kum'mawa. Koma kwa anthu a msinkhu wawo, malire amene anawadziwa pa moyo wawo ndi mtsinje wa Tana, umene uli pa mtunda woyenda pansi kuchokera pomwe tinakhalapo.

Nkhani yake inayamba kale. Dera la pakati pa mitsinje ya Juba ndi Tana linali la abusa a mtundu wa Orma, mpaka m'zaka za m'ma 1860 pamene Asomali ochokera kumpoto anawagonjetsa n'kuyamba kutsetsereka ndi ziweto zawo kufuna madzi. Mafuko a Ogaden, monga Abdalla, Abudwak ndi Aulihan, ndi amene anadzafika mpaka ku Tana. M'mphepete mwa madzimo munali kale alimi ndi asodzi, a Pokomo, a Malakote ndi a Munyoyaya. Angerezi atabwera anaona kuti Asomali akapitirira awoloka mtsinje n'kulowa mkati mwa dziko limene iwo ankalifuna, ndiye anaulamula mtsinjewo kukhala mpanda: Msomali ndi ziweto zake akhale kutsidya lino, Orma kutsidya linalo. Chigawo chonse cha kumpoto anachitcha Northern Frontier District n'kuchitseka. Kulowa kapena kutuluka kunkafuna chiphaso cha bwanamkubwa wa boma. Lamulo la 1934 linawapatsa mphamvu zouza fuko lililonse kumene lidyetsere ndi chitsime chimene limwere. Sukulu, misewu ndi zipatala sanavutike nazo. Mu 1925 anadulanso Jubaland, dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Juba, n'kupatsa Italy, motero msipu umodzi ndi mabanja amodzi zinapezeka zili m'maiko awiri.

Garissa weniweni anali kamalo ka boma pa doko, pamene ziweto zimamwera ndipo anthu amawolokera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kanatchuka pang'ono, chifukwa kumayambiriro kwa 1941 magulu a nkhondo a Britain ananyamukira m'mphepete mwa Tana, kuno ndi ku Bura, kukalanda Kismayo pa 14 Febuluwale ndi Mogadishu pa 25 mwezi womwewo. M'nkhondo ya kumpoto kwa Kenya imeneyi munalinso asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland. Nditawauza gogo aja zimenezi anangogwedeza mutu n'kuitanitsa tiyi wina. Nkhondo imene iwo amaiwerengera si imeneyo.

Yawo ndi ya 1963. Kenya itatsala pang'ono kulandira ufulu, Britain inatumiza anthu awiri mu 1962, loya wa ku Nigeria G. C. M. Onyiuke ndi mkulu wa asilikali wa ku Canada M. P. Bogert, kudzafunsa anthu a chigawochi kuti akufuna kukhala mbali iti. Asomali ochuluka zedi anati akufuna kuphatikana ndi Somalia, imene inali itangolandira ufulu mu 1960. Yankho analimva, analilemba, kenako mu Malichi 1963 nduna ya atsamunda Duncan Sandys inalengeza kuti derali likhala chigawo cha Kenya. Somalia inadula ubale ndi Britain. Kenya inalandira ufulu pa 12 Disembala, ndipo mwezi womwewo usanathe boma la Jomo Kenyatta linali litaika kale chigawochi pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Omenya nkhondo a m'tchire boma linkawatchula kuti shifta, achifwamba, ndipo dzinalo linamatirira aliyense wa kuno, wamfuti ndi wopanda mfuti yemwe.

Gogo aja anali mnyamata wobusa nthawi imeneyo. Za kuwomberana sakamba zambiri. Chimene amabwerezabwereza ndi 1966, pamene boma linalamula kuti abusa onse asonkhanitsidwe m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Munthu wa ngamila ukamuika malo amodzi wamupha, chifukwa ngamila imadya poyenda. Zoweta zinatha, zina ndi njala pafupi ndi midziyo, zina ndi zipolopolo zikapezeka kunja kwa malire oikidwa. Iwo akuti bambo awo analowa m'mudzi wotero ali ndi khola, anatulukamo ali ndi ndodo yokha. Mabanja ambiri amene anayambitsa timidzi tozungulira tauni ino, timene amatitcha bulla, anabwera motero, alibe chobwerera nacho kutchire.

Atamva kuti kwathu ndi kufupi ndi Zambia, nkhope yawo inawala. Dzina la Kaunda amalidziwa bwino. Ndi Kenneth Kaunda amene anakhala pakati ku Arusha mu Okutobala 1967, pamene Kenyatta ndi nduna yaikulu ya Somalia, Mohamed Ibrahim Egal, anasainirana zothetsa nkhondoyo. Mfuti zinachepa, koma malamulo a chipwirikiti aja anakhalabe mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu Novembala 1980, ogwira ntchito m'boma ataphedwa ndi achifwamba m'tauni muno, achitetezo anatentha Bulla Kartasi, anapha anthu, ndipo anasonkhanitsa khamu pa bwalo la sukulu ya pulaimale n'kulisunga padzuwa popanda madzi kapena chakudya. Komiti ya dziko yofufuza choonadi ndi chilungamo inadzalemba zimenezi mu lipoti lake la 2013, pamodzi ndi za kuphedwa kwa anthu ku Wagalla ku Wajir mu 1984. Mu 1989 Msomali aliyense wa ku Kenya analamulidwa kukaonekera pamaso pa akuluakulu kuti atsimikize kuti ndi nzika, ndipo wopambana ankapatsidwa kakhadi kapinki koyenda nako. Gogo aja akuti kawo akadali nako m'bokosi. Sindinafunse chifukwa chake akusunga.

Masana tinanyamuka ndi dalaivala ndi makaniko. Pa mlatho pali chipata cha achitetezo, ndipo mabasi opita ku Nairobi amaima pamenepo anthu n'kutsika ndi zitupa m'manja. Ife a galimoto ya ntchito sitinachedwe. Ndinaona mtsikana wina atagwira chitupa chake ndi manja awiri pamzere, khanda lili kumbuyo, maso ali pa msilikali. Chifukwa cha chipatacho chilipo, ndipo palibe amene angachikane: Kenya inatumiza asilikali ku Somalia mu Okutobala 2011, ndipo pa 2 Epulo 2015 zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 148 pa koleji ya yunivesite ya Garissa, ambiri mwa iwo ophunzira. Koma chipatacho chaikidwa pa mzere womwe uja Angerezi analemba, ndipo amene amafunsidwa kwambiri ndi zidzukulu za omwe ankafunsidwa kalelo. Mu Febuluwale 2025 Pulezidenti William Ruto anasainira ku Wajir zothetsa kafukufuku wapadera amene achinyamata a kuno ankadutsamo asanapatsidwe chitupa. Makaniko wathu, mnyamata wobadwira konkuno, akuti ayamba kukhulupirira mng'ono wake akalandira chake.

Kuchokera pamwamba pa mlatho mtsinje umaoneka wofiirira, waulesi, ngati Shire cha ku Nsanje mvula ikagwa kumtunda, ndipo ng'ona zake n'zosachita kufunsa. Ndi mtsinje wautali kuposa yonse m'Kenya, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku mapiri a Aberdare ndi Mount Kenya mpaka ku nyanja ya mchere cha ku Kipini. Kuno mvula ndi yochepa kwambiri, moti chobiriwira chonse chimathera pomwe paipi yathera. Mkati mwa kamzere kameneko muli mango, nthochi, mapapaya, mandimu, mavwende, tomato ndi anyezi. Ambiri mwa eni minda ndi ana a abusa aja anataya ziweto, amene makolo awo ankaona khasu ngati chida cha anthu osauka.

Madzi amenewa salamulidwa kuno. Kumtunda kuli madamu opangira magetsi, kuyambira Kindaruma wa 1968, Masinga wa 1981, mpaka Kiambere wa 1988. Akadzadza n'kusefukira, pakapita masiku ochepa madzi amafika ku Garissa ngakhale kuno kusanagwe dontho. Mu Epulo 2024 msewu wa pakati pa mlatho ndi Madogo unaduka pa Kona Punda, anthu anayamba kuwoloka pa maboti, ndipo limodzi linagubuduzika n'kumiza anthu. Dalaivala anatilozera malowo tikudutsa. Pa makoma a nyumba zina mzere wa matope ukuonekabe, wofika m'khosi mwa munthu wamkulu.

Pampu tinaipeza ili bwinobwino, vuto linali mchenga umene unadzadza m'paipi yokokera madzi, ndi mizu ya mathenge, mtengo waminga uja unabwera kudzateteza nthaka koma tsopano walanda gombe lonse. Makaniko anamasula, anatsuka, analiza injini, madzi anatuluka, ana anakuwa. Zinatenga nthawi yochepa kuposa mkangano umene unatsatira. Gulu la alimiwo ndi losakanikirana, Asomali ochokera m'tauni ndi a Munyoyaya a konko, ndipo akudziwa onse kuti pampuyo iyenera kukwezedwa pa chiunda mvula ya Epulo isanayambe kumtunda. Chimene sakugwirizana ndi chakuti paipi yowonjezera agule ndani. A m'tauni akuti aliyense asonkhe mofanana. Eni dera akuti malo a chiundacho ndi a makolo awo, ndiye chopereka chawo ndi chimenecho. Wapampando, mayi wa mawu okuluwika amene anagulitsa mbuzi ziwiri m'mawa womwewu, anatulutsa foni n'kutumiza gawo lake pamaso pa onse, kenako anayamba kuitana mayina mmodzimmodzi. Anthu anayi anapereka. Otsalawo akuti Lachitatu likubwerali, akagulitsa.