Kakolo wobinya kawiri si tsoka ayi

Anyamata a mpira wa m'madera, kaya ku Ndirande kaya ku Bangwe, tamverani. Kakolo akabinya mitsempha imatamuka, ndiye pabwalo la mabampu phazi silichedwa kupindikanso. Ululu kutha si kuchira.

Masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha, kutupa kumangowonjezeka. Ikani ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15, mwendo uli m'mwamba. Kutupa kukaphwa, tsiku lililonse muziima ndi mwendo wovulalawo masekondi 30, mukazolowera muzitsinzina. Musanavalenso jombo, dumphani kakhumi ndi mwendo womwewo, muthamange mokhotakhota. Pakabaya, dikirani kaye. Ngakhale osewera a matimu akuluakulu amavulalanso pompaja akathamangira gemu atangomwa mankhwala opha ululu.

Ngati phazi likukanika kuponda pansi ngakhale kanayi, pitani ku chipatala cha Queens akajambule fupa.