Lachitatu: fayilo imodzi m'mapulojekiti atatu

Tsiku la lero layamba ndi uthenga pa foni, ndisanatsegule n'komwe laputopu. Pulogalamu yathu yolemba ma invoice yakana kutulutsa tsiku lolipirira kwa makasitomala onse amene analembetsa pa 31 Januwale. Nditangowerenga ndadziwiratu pomwe pagona nkhani. Ndi ka function kaja kowonjezera mwezi umodzi pa deti. Kamatenga 31 Januwale, n'kusintha mwezi wokha, n'kumafunafuna 31 Febuluwale. Tsiku limenelo kulibe, ndiye Python, chinenero chomwe timalembera code yathu, imangoponya uthenga wa vuto wa ValueError n'kuima pomwepo.

Chomwe chandiwawa n'chakuti vuto lomweli ndinalikonza kale chaka chatha. Ndinagwiritsa ntchito calendar.monthrange kuti tsiku likapitirira mapeto a mwezi lizibwerera pa 28, kapena pa 29 m'chaka ngati 2024. Koma ndinakonza m'pulojekiti imodzi yokha. Fayilo ya utils.py, momwe muli function imeneyi, ndinaikopera pamanja m'mapulojekiti atatu kalekale, ndipo kuchokera nthawi imeneyo iliyonse yakhala ikukula payokha. Nditaziyerekeza ndi diff, chida choonetsa kusiyana kwa mafayilo, mizere yosiyana yadzaza sikirini mpaka pansi. Ina ili ndi ma function awiri omwe zinzake zilibe, ina wina anasinthamo mayina. Dzina la fayilo ndi lomwelo, zam'kati n'zosiyana.

Ndiye ndati basi, kukopera kwatha lero. Vuto la makasitomala ndalikonza msanga, kenako m'mawa wonse ndauthera pochotsa code imeneyi kuti ikhale payokha.

Poyamba ndinaganizako za git submodule, njira yolumikizira repository (mosungira code) imodzi m'kati mwa ina, koma ndinaisiya. Ndinayesapo kale. Munthu akapanga clone osaika --recurse-submodules amapeza foda yopanda kanthu, ndipo amataya ola lathunthu akudabwa kuti mafayilo apita kuti. Ndasankha kupanga package yeniyeni, code yomwe pulojekiti iliyonse ingathe kuipanga install: repository yatsopano, fayilo ya pyproject.toml, foda ya ma test, basi. Test yoyamba yomwe ndalemba ndi ya 31 Januwale yomweyo. Poti code yake ndi ya kuntchito kwathu kokha, sindinaitumize ku PyPI, malo omwe aliyense amatengako ma package a Python. Ndangoika tag (chizindikiro cha version yosasintha) ya v1.0.0, ndipo pulojekiti iliyonse iziikoka ndi pip kuchokera ku Git.

Masana ndi pomwe ndalakwitsa. Ndikukonzakonza, dzina loti add_month ndaliona kuti silikukwanira, ndiye ndalisintha kukhala add_months kuti munthu azitha kuwonjezera miyezi ingapo nthawi imodzi. Ma test anga onse adutsa. Sipanathe mphindi makumi awiri, mnzanga wa pulojekiti ya malipoti wafika pa desiki panga, laputopu ili m'manja.

"Achimwene, mwakhudza chiyani? Kwanga kwangoti ImportError."

Tayang'ana limodzi mu requirements.txt yake, fayilo yolembamo ma package omwe pulojekiti imadalira. Iye anali atalozera ku branch ya main, osati ku tag, moti chilichonse chomwe ndingasinthe chimam'fikira akangopanga install. Komabe mlandu waukulu unali wanga. Kwa zaka zonsezi fayilo ya m'pulojekiti yanga inali yanga ndekha, dzina ndinkasintha mmene ndafunira. Kuyambira m'mawa uno pali anthu ena omwe akuidalira, ndipo ine ndinali ndisanazolowere zimenezo.

Apa mpomwe manambala atatu aja a semantic versioning (monga 1.0.0), omwe Tom Preston-Werner analemba malamulo ake, andimvekera bwino kuposa kale. Nambala yomaliza imakwera ukangokonza vuto. Yapakati imakwera ukawonjezera chatsopano osaphwanya chakale. Yoyamba imakwera ukachita zomwe ndinachita inezi, ndipo imachenjeza mnzako kuti asakoke asanawerenge zomwe zasintha. Sindinafune kufika pa 2.0.0 tsiku loyamba lomwe, ndiye ndabwezeretsa add_month, ndipo tsopano imangoitana add_months m'kati mwake n'kutulutsa DeprecationWarning, chenjezo loti dzina lakalelo lidzasiya kugwira ntchito. Ndatulutsa v1.1.0, mnzangayo walozera ku tag, malipoti ake ayambanso kuyenda.

Tili pomwepo takumbutsana za left-pad, ka package kakang'ono ka JavaScript. Mu Malichi 2016 mwini wake anaichotsa pa npm (malo otengako ma package a JavaScript), kachidutswa ka mizere 11 yokha, ndipo mapulojekiti ambirimbiri padziko lonse, kuphatikizapo pulojekiti yotchuka ya Babel, analephera kupanga install mpaka npm itaibwezeretsa. Kale ndinkaiona ngati nkhani ya anthu akutali. Lero zofanana nazo zandichitikira ndi munthu wokhala desiki yachitatu kuchokera panga.

Ndisanaweruke ndalemba fayilo ya CHANGELOG yofotokoza zomwe zasintha, mizere inayi yokha, komanso ndakonza kuti ma test aziyenda okha wina aliyense akatumiza kusintha.

Mapulojekiti awiri asamuka. Yachitatu yandiimitsa. Nditawerenga bwinobwino, ndapeza kuti wina anakonzamo vuto la 31 Januwale mwa njira yake: m'malo mobwerera pa 28 Febuluwale, deti limalumphira pa 1 Malichi. Sindikudziwa ngati anangochita mofulumira kapena ndi mmene mapangano ndi makasitomala awo amanenera. Ndikaika package yatsopano osafunsa, masiku olipirira a anthu asuntha popanda uthenga uliwonse wochenjeza, ndipo palibe test yomwe ingagwire zimenezo. Ndawalembera eni pulojekitiyo kuti tikumane mawa 9 koloko, abwere ndi chikalata cha mapanganowo.