Minofu imakula mukamapuma

Amene mwalembetsa kumene ku jimu, chonde musathamangire zitsulo zolemera. Sankhani chomwe mungachinyamule maulendo 8 mpaka 12 msana uli wowongoka, mupume mphindi ziwiri, mubwereze katatu. Maulendo 12 akayamba kuphweka, onjezani makilogalamu awiri.

Chitsulo chimangoikakamiza minofu; kukula kwake kumachitika mukamapuma ndi kugona, ndiye ipatseni maola 48 musanaigwiritsenso ntchito. Kuphwanya kwa thupi kumakula pakatha tsiku limodzi kapena awiri, kenako kumatha kokha. Koma mukamva ululu wobaya m'bondo kapena m'phewa, siyani kunyamula pomwepo. Mkodzo ukada ngati tiyi, thamangirani kuchipatala, impso zili pangozi.

Nsima yokha siimanga minofu. Onjezani mazira, usipa, nyemba kapena soya pa chakudya chilichonse.