Kupukuta ndalama zakale ndi makina

Anthu ena osonkhanitsa ndalama zakale zachitsulo amaganiza kuti kuzipukuta ndi makina kumakweza mtengo wake, koma kwa ine kumeneko n'kuziwononga. Burashi yawaya yozungulira mothamanga imakanda pamwamba pa ndalamayo, ndipo munthu akaiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu amaona timizere ting'onoting'ono komanso chitsulo chitaunjikana m'mphepete mwa zilembo. Akatswiri a PCGS ndi NGC, makampani a ku America oyeza ndalama zachitsulo omwe anayamba mu 1986 ndi 1987, sapatsa ndalama yopukutidwa chonchi nambala pa sikelo ya Sheldon, yomwe imasonyeza mmene ndalama yasungikira bwino, yoyambira 1 kufika 70. Amangolemba kuti ndalamayo ndi yeniyeni koma pamwamba pake panasinthidwa, choncho ogula amaitsitsa mtengo kwambiri poyerekeza ndi inzake yosapukutidwa, ngakhale inzakeyo itada.