Zikomo kwa onse amene munadikira nafe usiku

Dzulo masana tinatuluka m'chipatala ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 9, amene anagonekedwa kwa masiku 12 chifukwa cha malungo a mu ubongo, ndipo pano ali kunyumba kuno ku Chilomoni akumwa phala yekha popanda womugwirira supuni. Ine ndi mayi ake tagwirizana kuti tithokoze poyera, chifukwa amene munatigwira mkono ndinu ambiri moti sitingathe kufika khomo ndi khomo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, makamaka mayi uja wa usiku amene ankati akasintha diripi, ankaima kaye n'kumuitana mwanayo dzina lake ngakhale kuti anali chikomokere. Tikuthokoza amayi a Mvano amene sanadumphitse tsiku osabweretsa nsima, alamu anga amene anatenga mng'ono wake kukakhala naye ku Ndirande, ndi anzanga a kuntchito amene anasonkha ndalama ine osawapempha. Mulungu abwezere pamene munachotsapo.

Pali chinanso chimene chinandisunga, ndipo anzanga okonda chamba cha rock mukuidziwa kale nyimbo yake, poti takhala tikukangana za iyo kwa zaka zambiri. Ndikunena "I Don't Want to Miss a Thing" ya gulu la Aerosmith la ku Boston, imene inatuluka mu 1998 mu filimu ya Armageddon. Inu mumati si nyimbo ya Aerosmith yeniyeni chifukwa anailemba ndi Diane Warren, amene si wa m'gululi, komanso kuti mavayolini anamiza gitala ya Joe Perry. Za gitalazo ndikuvomereza. Ngakhale kwawo komweko anthu anagawikana, popeza inaikidwa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Oscar komanso pa mphoto ya Golden Raspberry, imene imapita kwa ntchito zosaoneka bwino, koma ndi yokhayo mwa nyimbo zonse za gululi imene inafika pa nambala 1 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America.

Kale nanenso ndinkaimva ngati nyimbo ya anthu ongokwatirana kumene. Usiku wachiwiri, mayi ake atatopa n'kugona pa chitenje pansi pa bedi, ndinaika mahedifoni khutu limodzi lokha kuti linalo lizimva mpweya wa mwana. Nyimboyi imakamba za munthu amene akukana tulo kuti azingoyang'ana wokondedwa wake ali mtulo, ndipo ine ndinali pa mpando wa pulasitiki ndikuchita zomwezo, maso ali pa kachifuwa kake, kuwerenga kukwera ndi kutsika kwake, ndikuopa kuti ndikangosinza pang'ono chinachake chichitika ine osaona. Pamenepo ndinakumbukira kuti mu filimu muja Liv Tyler, mwana weniweni wa woimbayo Steven Tyler, ndi amene akusewera ngati mtsikana amene bambo ake sabwererako ku ulendo wawo. Kuyambira usiku umenewo ndimaimva ngati mawu a bambo kwa mwana wake. Kukuwa kwa kumapeto kuja, kumene inu mumati n'kokokomeza, ndi kulira kumene ine sindikanatha kulira mu wodi imene munagona ana a anthu ena, choncho Steven Tyler ankandilirira m'khutu ine nditatseka pakamwa.

M'bandakucha wa tsiku lachinayi mwanayo anatsegula maso, anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Adadi, ndikufuna madzi." Ndinawadzutsa mayi ake ndi phazi chifukwa manja onse awiri anali atagwira kapu, akunjenjemera.

Lamlungu likubwerali tidzakhala kutchalitchi pa mapemphero a m'mawa kukapereka chithokozo, ndipo mwanayo adzabwera nafe ngati mphamvu zidzamulola. Amayi amene makontena anu a nsima anatsalira kwathu, alipo 5, tawatsuka ndipo tidzabwera nawo.