Mmene ndinakwezera mawu a tabuleti pa sitiriyo ya m'nyumba

Sitiriyo yanga ndi yakale, ya ampulifaya payokha ndi masipika awiri amatabwa. Ndikaika CD, kagudumu ka voliyumu sikafika n'komwe pakati, nyumba imakhala itadzaza kale. Ndiye tsiku limene ndinalumikizako tabuleti ndinkayembekezera zomwezo. Zomwe zinatuluka zinali ngati munthu akuimbira m'chipinda china chitseko chili chotseka. Ndinapotokola kagudumu mpaka kupitirira theka, nyimbo inamvekadi, koma pansi pake panabwera kaphokoso ka "sssss" kosatha. Ndikanatha kupirira zimenezo. Chomwe chinanditopetsa n'choti madzulo ake ndinaiwala kutsitsa, n'kusinthira ku wailesi. Masipika anabangula mpaka mtima unangoti phaa, ndipo ndinaganiza kuti ndaotcha kena kake.

Ndinayambira pa chingwe, chifukwa ndicho chosavuta kuona. Changa ndi chija chofala: mbali imodzi kapulagi ka mamilimita 3.5 kolowa pa kabowo ka mahedifoni, mbali inayo mitu iwiri ya RCA, wofiira wa sipika ya kumanja, woyera wa kumanzere. Nditamvetsera bwino ndinazindikira kuti vuto silinali kuchepa kwa mawu kokha. Woimbayo ankamveka patali kwambiri, mabesi kulibe, koma magitala a m'mbali ali gwa. Chizindikiro chimenechi n'chofunika kuchidziwa. Kapulagi kaja kali ndi timizere takuda togawa chitsulo chake patatu: nsonga imatenga mawu a kumanzere, pakati a kumanja, ndipo tsinde ndi njira imene onse awiri amabwererapo. Kakalowa mosafika, tsinde lija silikhudza pamalo pake, ndiye chomwe chimamveka ndi kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja basi. Chilichonse chojambulidwa pakati, monga mawu a woimba ndi besi, chimazimirira.

Wolakwa anali chikuto cha tabuleti. Mphira wake ndi wonenepa, ndipo unkagwira phewa la pulagi itatsala pang'ono kufika. Nditachotsa chikutocho n'kukankha, ndinamva "tiki", woimba uja n'kubwerera pakati. Ndinaunikanso m'kabowomo ndi tochi, ndipo munali kautoto ka nsalu komwe ndinakatokosa ndi kamtengo kosongoka tabuleti itazimitsidwa. Musalowetsemo singano kapena waya. Apa mawu anakhala athunthu, koma anali otsikabe poyerekeza ndi CD.

Kenako ndinazungulira kuseri kwa ampulifaya. Kuli mabowo awiriawiri olembedwa AUX, CD, TUNER, TAPE ndi PHONO. Anayi oyambawo kawirikawiri ndi amodzimodzi, amayembekezera mawu a mulingo wofanana, choncho kusuntha chingwe kuchoka pa AUX kupita pa CD sikunasinthe kanthu, kupatula kunditsimikizira kuti bowo la AUX silinafe. Pa TAPE samalani, pamakhala mabowo anayi: awiri olowetsa, olembedwa PLAY kapena IN, ndi awiri otulutsa, olembedwa REC kapena OUT. Mukalowetsa pa REC mumangomva kamanong'onong'o kapena zii.

PHONO ndiye msampha, ndipo ndinagweramo ndikuona. Nditalowetsa pamenepo mawu anakwera kwadzaoneni, ndinasangalala kwa masekondi asanu. Kenako ndinamva mmene analili: mabesi otupa ngati ng'oma yonyowa, mawu a pamwamba otsekeka, zonse zikuthetheka. Bowo limenelo ndi la galamafoni. Singano ya galamafoni imatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, pafupifupi mamilivolti 5, ndiye ampulifaya imatichulukitsa nthawi pafupifupi 100, komanso imakweza mabesi ndi kutsitsa mawu a pamwamba pobweza zomwe zimachitika podinda chimbale. Tabuleti ikathira mamilivolti mazanamazana pamenepo, zimasefukira. Ndinazula msanga.

Nditabwerera pa AUX ndinakhala pansi ndi tabuleti yeniyeniyo, ndipo kumeneku ndiko ndinapeza zambiri zaulere. Choyamba, pa Android voliyumu si imodzi. Pali ya nyimbo ndi makanema, ya mauthenga, ya alamu. Mukadina batani la m'mbali nyimbo isakulira, pa zipangizo zina mumakweza yolakwika. Ndinayambitsa nyimbo kaye, kenako n'kukweza. Itafika pena pake inaima, n'kutulutsa chenjezo loti kumvera mokweza kwa nthawi yaitali kumawononga makutu. Kale ndinkangodina kukana osawerenga. Tabuleti sidziwa kuti kumapeto kwa chingwe kuli ampulifaya, imayesa ndi mahedifoni ali m'makutu mwanu. Malamulo a ku Europe amafuna kuti zipangizo zoterezi zichenjeze munthu akamapitirira madesibelo 85 (desibelo ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), zisapyole 100, ndipo chenjezolo libwerenso pakatha maola 20 akumvera. N'chifukwa chake patapita masiku angapo mawu anatsikanso okha, ine n'kuyamba kukayikira chingwe chosalakwa. Unali ulendo wachiwiri wa chenjezo lomwelo. Pa mahedifoni ndi lamulo labwino, ndipo sindilitsutsa. Pa sitiriyo mumangovomera n'kukweza mpaka kumapeto.

Chachiwiri chinali mu pulogalamu yoimbira nyimbo. Ambiri mwa mapulogalamuwa amalinganiza nyimbo zonse kuti ina isaphulike ina ikunong'ona. Spotify, mwachitsanzo, imaika nyimbo pa mulingo wa -14 LUFS (muyeso wa mmene nyimbo yonse imamvekera kukwera) ngati simunasinthe, pamene nyimbo zambiri za masiku ano zimajambulidwa mokweza kuposa pamenepo, ndiye imazitsitsa ndi madesibelo angapo. CD ilibe zimenezo, imatulutsa monga inajambulidwira. Nditazimitsa kulinganizako, nyimbo zatsopano zinakwera moonekeratu. Koma ndinene zoona, patapita sabata ndinakuyatsanso, chifukwa ndinatopa n'kudzuka pampando nyimbo iliyonse ikasintha.

Chachitatu ndi equalizer, timizere tokwezera kapena kutsitsira mabesi ndi mawu a pamwamba paokhapaokha. Ndinali nditakweza mabesi kalekale chifukwa cha timahedifoni tina tosalira bwino, n'kuiwala. Mapulogalamu ambiri mukakweza mbali imodzi amatsitsa nyimbo yonse kuti mawu asasweke. Ndinabweza timizere tonse pakati. Ndinaonanso m'masetingi a tabuleti, pa Accessibility, kuti kagawidwe ka kumanzere ndi kumanja kali pakati. Pamenepo panalibe vuto.

Zonsezi zitatha, tabuleti inali pa 100, mawu oyera, koma kagudumu ka ampulifaya kankafunabe kupita patsogolo kwambiri kuposa pa CD. Apa ndipo ndinasiya kufunafuna chowonongeka, chifukwa panalibe chowonongeka. Makina a CD amatulutsa pafupifupi mavolti 2 nyimbo ikafika pachimake. Kabowo ka mahedifoni ka tabuleti kapena foni nthawi zambiri sikafika volti imodzi, ndipo tina timathera pa theka la volti kapena kuchepera apo. Kanapangidwira kuyendetsa timasipika ting'onoting'ono tokhala pafupi ndi khutu popanda kumaliza batire. Ampulifaya siikoka magetsi ambiri kuchokera ku chomwe mwalumikiza, imangoyang'ana kukula kwa mavolti n'kuchulukitsa. Mavolti akachepa ndi theka, mawu amatsika ndi madesibelo 6. Kuchoka pa mavolti 2 kufika pa theka la volti ndi madesibelo 12, ndipo khutu la munthu limamva kutsika kwa madesibelo 10 ngati kuti mawu achepa ndi theka. Ndiye kusiyana komwe ndinkamva kunali koyenera kukhalapo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri timachiopa pachabe. Kupititsa kagudumu ka voliyumu patsogolo sikuvutitsa ampulifaya. Kagudumuko kamangochepetsa kapena kulola mawu olowa. Chomwe chimatenthetsa ampulifaya ndi kukula kwa mawu otuluka m'masipika, osati pomwe kaloza. Ngati mwafika poti mawu akukukwanirani, ndi oyera, ndipo simusinthasintha pakati pa tabuleti ndi wailesi, imani pomwepo, musagule kanthu. Maampulifaya ena atsopano amalolanso kukweza bowo limodzi palokha m'masetingi, kuti AUX ifanane ndi enawo. Yanga ilibe zimenezo, ndipo kubangula kwa tsiku lija kunali kusanandichoke m'mutu.

Ndisanagule chilichonse ndinayesa njira yachidule, timapulogalamu tolonjeza kukweza mawu kufika pa 200 peresenti. Sindikulangizani. Mawu a mu kompyuta kapena tabuleti ali ndi denga, ndipo nyimbo zambiri zimakhala zikuligunda kale. Pulogalamu singawonjezere mavolti omwe kachipangizo ka m'kati sikangathe kutulutsa. Chomwe imachita n'kukankhira nyimbo kudenga mpaka nsonga za mafunde zidulike, kapena kufinya malo okwera ndi otsika kuti afanane. Ndinamva ng'oma zikulira ngati wina akumenya katoni, mawu a "s" akulasa m'makutu. Mafunde odulidwa chonchi amadzaza ndi phokoso la pamwamba, ndipo mukawakweza kwa nthawi yaitali amatha kuotcha timasipika ting'ono ta mawu a pamwamba. Pa zokambirana zojambulidwa motsika pulogalamu yotere ingathandizeko pang'ono. Pa nyimbo ndinaichotsa tsiku lomwelo.

Chomwe chinathetsa nkhani ndi kabokosi kotchedwa DAC. Ntchito yake n'kusandutsa manambala a nyimbo kukhala magetsi a mawu, ntchito yomwe tabuleti imachita kale m'kati mwake, koma aka kamachitira panja ndi mphamvu yokwanira. Kamalowa pa USB ya tabuleti, mbali inayo n'kutulutsa pa RCA kapena pa kabowo ka 3.5. Pogula ndinayang'ana chinthu chimodzi chokha pa pepala la kafotokozedwe kake: mavolti otuluka. Ndinkafuna polembedwa 2 Vrms, kutanthauza mavolti 2 ngati a CD aja. Zina zonse zolembedwa m'zilembo zikuluzikulu pabokosi, monga 192 kHz, sizikhudza kukwera kwa mawu. Chenjerani ndi timaadaputala tating'ono tosintha USB-C kukhala kabowo ka mahedifoni. Tambiri tili ndi DAC m'kati, koma tina timatulutsa volti imodzi kapena theka, ndiye mutha kugula n'kupezeka muli pomwe munali.

Tabuleti iyeneranso kukhala yotha kulamulira chipangizo cholumikizidwa pa USB, zomwe zimatchedwa OTG. Android inayamba kutumiza mawu pa USB mwa iyo yokha kuyambira pa 5.0, mu 2014, choncho matabuleti ambiri amatha. Ya bowo lakale la micro-USB imafuna kachingwe ka OTG kapadera. Ndinalumikiza nyimbo ikulira, panangoti zii kwa kamphindi, kenako mawu anatulukira ku sitiriyo. Mwamwayi ndinali nditatsitsiratu kagudumu, chifukwa pomwe kanali poyamba pakanagwedeza mawindo. Tsopano tabuleti ndi CD zimakhala pafupifupi malo amodzi, ndipo "sssss" uja anapita, popeza sindikukwezanso phokoso la pansi limodzi ndi nyimbo.

Panatsala kavuto kamodzi komwe sindinakaganizire. Bowo la USB ndi limodzi, ndipo DAC imadya batire la tabuleti. Ndinapeza kachipangizo kogawa bowolo pawiri, kolola kutchaja uku nyimbo ikulira. Nditangolowetsa chaja kukhoma, m'masipika munayamba kulira "mmmm" wapansipansi, ndi kaphokoso kenanso ndikakhudza sikirini. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja. Phokoso likatha, ndiye kuti likudzera kumeneko. Ndinasamutsa chaja kuika pa soketi imodzi ndi ampulifaya, linachepa. Nditasintha chajayo n'kuika ina yabwinopo, linatheratu. Likakanirira, pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator komwe kamaikidwa pa chingwe cha mawu, ngakhale totchipa timadyako mabesi. Chomwe simuyenera kuchita n'kudula waya wa earth pa pulagi ya ampulifaya. Phokoso litha kuthadi, koma waya ameneyo ndi amene amakutetezani chitsulo cha ampulifaya chikagwira magetsi.

Njira zina ziwiri ndinaziganizira koma sindinazitsate. Ina ndi kaampulifaya kakang'ono ka mahedifoni koikidwa pakati pa tabuleti ndi sitiriyo. Kamagwira ntchito, makamaka pa tabuleti yosalola USB, koma kamakweza chilichonse chomwe kalandira, kaphokoso komwe. Inayo ndi kolandirira Bluetooth kolumikizidwa pa AUX, komwe kamachotsa chingwe ndi vuto la chaja nthawi imodzi. Nako kali ndi DAC yakeyake, ndiye funso la mavolti ndi lomwelo. Mawu a Bluetooth akakhala otsika pa Android, nthawi zina ndi chifukwa voliyumu ya tabuleti ndi ya cholandiriracho zamangidwa pamodzi molakwika. Mumalowa m'masetingi, pa Developer options, yomwe imatseguka mukadina Build number kasanu ndi kawiri, n'kuyatsa Disable absolute volume, kenako n'kulumikizanso.

Masiku ano ndikafuna kumvera, ndimayamba ndatsitsa kagudumu ka ampulifaya, n'kulumikiza DAC, n'kuika tabuleti pa 100 kapena pafupi napo, kenako n'kukweza ku sitiriyo pang'onopang'ono. Mawu a mauthenga ndinawazimitsa, chifukwa tsiku loyamba kabelu ka imelo kanalira pa masipika onse awiri ndi mavolti ake awiri athunthu. Chikuto chija ndinachibwezera, nditachikulitsa bowo ndi kampeni.